QGIS: mapu akale sakugwirizana ndi GPS, ndipo slope ikutuluka madigiri 89

Wakudambo:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza mapu a madimba a kalabu ya ulimi wothirira m'boma la Dedza, pa QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu. Ndili ndi zinthu zinayi: malire a minda amene anayendedwa ndi GPS ya m'manja, mapu akale apepala a 1:50,000 amene ndinawajambula pa sikana, fayilo ya SRTM yosonyeza kukwera kwa malo, ndi chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 cha mwezi wa August.

Zonse zikutseguka bwinobwino, koma zotsatira zake sizikumveka. Mtsinje ndi msewu za pa mapu akale zili chakumpoto kwa pamene GPS ikuziika, mtunda wa mamita pafupifupi 300. Ndikawerengetsa kukula kwa munda wa ekala imodzi, ndikupeza 0.0000003. Ndikapanga slope (kutsetsereka kwa malo) kuchokera pa SRTM, dera lonse likutuluka madigiri 89, ngati kuti dambo ndi khoma. NDVI (nambala yoyeza kubiriwira kwa zomera pa chithunzi cha setilaiti) ya madimba obiriwira bwino ikungofika 0.4 basi. Funso lina ndi lakuti, kodi SRTM yomweyi ndingaigwiritse ntchito posankha modutsa ngalande yochokera kumtsinje?

Mpimamalo:

Achimwene, mavuto atatu oyambawo gwero lake ndi limodzi, CRS, ndiye kuti dongosolo la manambala osonyeza pamene malo ali pa dziko lapansi. Musanakhudze china chilichonse, dinani kawiri pa layer iliyonse (fayilo iliyonse imene mwatsegula pa mapu), mutsegule Information, ndipo mulembe papepala zinthu ziwiri: dzina la CRS ndi manambala a Extent (X ndi Y za pamene layer yayambira ndi pamene yathera). Mukhulupirire kwambiri manambalawo, chifukwa dzina la CRS aliyense angathe kulisintha mosadziwa.

Kuno kwathu manambala a Extent amabwera m'mitundu itatu. Mukaona X ili pakati pa 32.6 ndi 36, Y ili pakati pa -9.3 ndi -17.2, amenewo ndi madigiri, ndipo kawirikawiri ndi CRS ya nambala EPSG:4326, yomwe GPS ndi mafoni zimagwiritsa ntchito. Mukaona X ili pakati pa 460,000 ndi 815,000, Y ili pakati pa 8,100,000 ndi 8,970,000, amenewo ndi mamita a UTM zone 36S (UTM ndi CRS ya mamita yogawa dziko lapansi m'ma zone). Zone 36 imayambira pa longitude 30 kukathera pa 36, choncho dziko lonse la Malawi limakwana mu zone imodzi. Anzathu a ku Zambia mwayi umenewu alibe: Chipata ili mu 36 pamene Lusaka ili mu 35. Mtundu wachitatu, ku Dedza kumeneko mudzaona X ya 3,800,000 ndi Y ya -1,600,000 kapena pafupi pamenepo. Imeneyo ndi EPSG:3857, ya mapu a pa intaneti monga OpenStreetMap ndi Google.

Tiyambe ndi mamita 300 aja. UTM 36S ilipo yoposa imodzi. Ya masiku ano ndi WGS 84 / UTM zone 36S, EPSG:32736. Mapu akale a dziko lino anapangidwa pa datum (maziko oyezerapo malo) ya Arc 1950, yogwiritsa ntchito ellipsoid (chiyerekezo cha kuzungulira kwa dziko lapansi) ya Clarke 1880, ndipo nambala yake ndi EPSG:20936. Manambala a ziwirizi amafanana kwambiri kaonekedwe, moti simungazisiyanitse pongoyang'ana, koma malo amodzi omwewo amakhala ndi northing (Y) yosiyana ndi mamita 300 kapena kupitirira pang'ono, ndi easting (X) yosiyana ndi mamita makumi ochepa. Mukatenga manambala a Arc 1950 n'kuuza QGIS kuti ndi a WGS 84, mapu onse amasunthira kumpoto, monga momwe mwaoneramo. Mapuwo ndi olondola, angopatsidwa dzina lolakwika. Werengani m'mphepete mwa pepalalo, pansi, pamene pamalembedwa datum ndi ellipsoid.

Kukonza kwake, chitaninso georeference, ndiye kuti kuika chithunzi cha mapu pa malo ake enieni. Tsegulani Georeferencer, ikani chithunzi cha sikana, ndipo madontho anu muziwaika pamene mizere ya grid yadutsana, osati pa mitsinje kapena midzi. Manambala ake mutenge m'mphepete mwa mapu, mulembe athunthu: mzere wolembedwa 43 ungakhale 643,000, ndipo nambala yathunthuyo imasindikizidwa pa ngodya. CRS ya madonthowo ikhale 20936. Njira yowerengetsera ya Polynomial 1 imafuna madontho osachepera atatu, koma ikani asanu ndi atatu kapena khumi omwazikana pepala lonse, kuphatikizapo ngodya zonse zinayi. Ndi atatu okha residual (nambala yosonyeza kuphonya kwa dontho lililonse) imatuluka ziro nthawi zonse, ngakhale mutalemba nambala yolakwika, ndiye simungadziwe kuti mwalakwitsa. Dontho limodzi likakhala ndi residual yaikulu kuposa anzake, kawirikawiri mwasemphanitsa manambala awiri polemba.

Mukamaliza, chitani Warp kuchoka pa 20936 kupita pa 32736. QGIS ikakufunsani transformation yoti igwiritse ntchito, sankhani imene dera lake ndi Malawi, ya manambala -161, -73 ndi -317. Musayembekezere kuti zigwirizana ndendende. Transformation imeneyi ikhoza kusiya kusiyana kwa mamita 10 kapena 20, komanso pa sikelo ya 1:50,000 milimita imodzi papepala ndi mamita 50 pansi, kotero mzere wa msewu wonenepa theka la milimita ukuphimba kale mamita 25. Poyesa ngati zatheka, yang'anani mlatho kapena mphambano ya misewu. Mtsinje si mboni yabwino, chifukwa m'madambo umasintha njira pakapita zaka.

Apa m'pofunika kumvetsa kusiyana kwa zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ambiri. Set Layer CRS ndi Assign Projection sizisintha nambala ngakhale imodzi m'fayilo, zimangosintha dzina. Zili ngati kulemba kuti mpunga pathumba la chimanga: m'katimo chikhalabe chimanga. Zimenezi mumazigwiritsa ntchito pokhapokha dzina likasowa kapena likakhala lolakwika. Reproject Layer, ya vector (madontho, mizere ndi malire), ndi Warp, ya raster (zithunzi za timabokosi totchedwa ma pixel), ndi zimene zimawerengetsa manambala atsopano n'kutulutsa fayilo ina. Mukatenga layer ya madigiri n'kuipanga Set Layer CRS kukhala 32736, QGIS idzawerenga 34 ndi -14 ngati mamita, ndipo minda yanu idzasowa pa mapu.

Za 0.0000003 zija, yankho lake ndi lolondola, koma lili m'madigiri. Ku Dedza digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 110.6, ya longitude ndi pafupifupi 108, ndiye ekala imodzi, yomwe ndi masikweya mita 4,047, imatulukadi kanambala kameneko. Mu Field Calculator muli njira ziwiri. area($geometry) imawerengetsa molingana ndi CRS ya layer, ndiye ikakhala ya madigiri yankho likhala m'madigiri. $area imatsata zimene zili mu Project Properties, pa General, pamene pali Ellipsoid ndi Units for area measurement. Njira yosavuta n'kupanga Reproject Layer minda yonse kupita pa 32736, kenaka area($geometry) / 10000 ikupatsani mahekitala, area($geometry) / 4047 ikupatsani maekala. Field yatsopanoyo ikhale Decimal number, osati Integer, apo ayi munda wa 0.4 udzalembedwa 0.

Chenjezo limodzi: musayezere malo pa 3857. Pa latitude ya Dedza imakulitsa malo ndi 6 kapena 7 peresenti, mahekitala 100 n'kuoneka ngati 107. Vutoli limalowa mwakachetechete, chifukwa QGIS imatenga CRS ya layer yoyamba kutsegulidwa kukhala ya project yonse, ndipo ambiri amayamba ndi OpenStreetMap. Yang'anani pa ngodya ya pansi kudzanja lamanja, musinthe ikhale 32736. UTM nayonso si yangwiro, koma kulakwitsa kwake m'dera lanu sikufika masikweya mita 10 pa hekitala.

Wakudambo:

Zikomo kwambiri akulu. M'mphepete mwa mapuwo mwalembedwadi Clarke 1880. Ndachitanso georeference ndipo mlatho tsopano ukusiyana ndi GPS ndi mamita osakwana 20. Maekala nawo akutuluka bwino. Slope ndiye ndapanga Warp, madigiri 89 achoka, koma hillshade (chithunzi cha mithunzi ya zitunda) ikuoneka ya timizeremizere topingasa, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mukadali manambala aakulu kwambiri.

Nachisale_GIS:

Bambo, a Mpimamalo afotokoza bwino za CRS, ine ndiwonjezere za raster. Kuti ena owerenga amvetse chimene chinachitika poyamba: slope imatenga kusiyana kwa kukwera pakati pa ma pixel oyandikana n'kugawa ndi mtunda wa pakati pawo. SRTM imabwera ndi kukwera m'mamita koma kukula kwa pixel m'madigiri, 0.000278. Kompyuta ikagawa mita imodzi ndi 0.000278 imapeza phompho, n'chifukwa chake paliponse panali 89.

Timizere mukutionato tachokera pa resampling, njira yopezera manambala a ma pixel atsopano. Mu Warp, njira imene imakhala yosankhidwa kale ndi Nearest Neighbour. Imeneyi imangotenga nambala ya pixel yapafupi, ndiye posintha grid imabwereza mizere ina n'kudumpha ina, ndipo hillshade ndi slope zimaonetsa zipsera zake. Bwerezani Warp kuchokera pa fayilo yoyambirira, musankhe Bilinear, ndipo pa Output file resolution mulembe 30. Nearest Neighbour muisungire ma raster amene nambala zake ndi mayina a magulu, monga land cover kapena mtundu wa dothi, chifukwa kumeneko kusakaniza 2 wa nkhalango ndi 4 wa minda kungakupatseni 3, amene mwina ndi madzi. Musalembe resolution ya 10 poganiza kuti zikhala zolondola kwambiri. Fayilo idzangokula kasanu ndi kanayi, koma zimene ikudziwa za nthaka n'zomwe zija za mamita 30.

Manambala aakulu a m'mphepete ndi nkhani ya NoData. Warp ikapendeketsa chithunzi, ngodya zimatsala zopanda kanthu, ndipo ngati simunaiuze, imadzazamo 0. Pixel ya mamita 1,300 ikayandikana ndi ya 0, slope imaona chiphompho. Mu SRTM malo opanda deta amalembedwa -32768, ndiye lembani nambala imeneyi pa Nodata value for output bands. Mukatha, onani pa Information kuti NoData yalembedwadi, ndipo muone Minimum ndi Maximum. M'Malawi muno malo otsika kwambiri ali ku chigwa cha Shire kumalire ndi Mozambique, mamita osakwana 50, ndipo okwera kwambiri ndi Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002. Nsonga ya phiri la Dedza ili pafupifupi mamita 2,200. Nambala ya kunja kwa malire amenewa si nthaka. NoData yosalembedwa ndi imenenso imachititsa kuti raster ioneke yakuda kapena yotuwa yonse ikangotsegulidwa, popeza mitundu imatambasulidwa kuyambira pa -32768. Pa Symbology sankhani Cumulative count cut ya 2 mpaka 98 peresenti kuti muone bwino.

Dongosolo lake likhale lotere: ngati dera lanu lagwera pa ma tile awiri, alumikizeni kaye ndi Merge kapena Build Virtual Raster, kenaka Warp, kenaka slope, ndipo kudula ndi malire a dera lanu kubwere pomaliza. Mukayamba kudula, ma pixel a m'mphepete amasowa anzawo owerengetsera, ndipo minda ya m'malire imapeza slope yolakwika. Muonenso ngati mukufuna madigiri kapena peresenti. Alangizi a zaulimi amalankhula m'maperesenti, ndipo ziwirizi sizifanana: madigiri 45 ndi 100 peresenti, madigiri 5 ndi pafupifupi 9 peresenti. Slope ya GDAL ili ndi kabokosi kosankhira peresenti.

Tsopano za ngalande, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino, chifukwa alimi adzakumba ndi makasu molingana ndi mzere umene mudzajambule. SRTM musaigwiritse ntchito posankha modutsa madzi. Zifukwa zake n'zitatu. Choyamba, imasunga kukwera m'mamita athunthu, 1,312 kenaka 1,313, popanda za pakati. Ngalande yotsetsereka 1:1000 imatsika mita imodzi pa kilomita yathunthu, ndiye pa mamita 400 kutsika konse ndi masentimita 40, kumene SRTM singathe n'komwe kukulemba. Chachiwiri, kulakwitsa kwake pa kukwera kumafika mamita angapo. Chachitatu, inayezedwa ndi radar kuchokera pa Space Shuttle Endeavour mu February 2000, ndipo radar imeneyo siinkafika pansi penipeni pamene pali mitengo yothithikana. M'mbali mwa mtsinje, pamene pali mitengo ndi nsungwi, nthaka imaoneka yokwera kuposa mmene ilili, ndendende pamalo pamene inu mukufuna kudziwa zoona. February ndi pakati pa dzinja, masamba ali thithithi.

Copernicus DEM GLO-30 ndi yabwinoko (DEM ndi fayilo yosonyeza kukwera kwa malo, monga SRTM). Nayonso ndi ya mamita 30 ndipo ndi yaulere, inachokera ku miyezo ya masetilaiti a TanDEM-X ya pakati pa 2011 ndi 2015, ndipo manambala ake ali ndi madesimo. M'malo athyathyathya imaoneka yosalala kuposa SRTM. Komabe nayonso imayeza pamwamba pa mitengo ndi madenga. Ma DEM amenewa ndi othandiza kuona dera lonse limene limathira madzi mumtsinje, mbali ya chigwa imene ili yotsika, ndi minda imene ili pamtunda kwambiri moti madzi oyenda okha sangafikeko. Mukapeza njira ziwiri kapena zitatu zooneka zotheka, pitani nazo kumunda ndi dumpy level ndi staff (chida choyezera kukwera kwa malo ndi ndodo yake), kapena GPS ya RTK (yolondola mpaka pa masentimita) ngati ingapezeke, muike zikhomo pa mamita 20 alionse. Ngakhale levulo ya chingwe, yomwe ija ya mizere ya akalozera, idzakuuzani zoona pa mamita 10 kuposa SRTM. Kukwera kumene GPS ya m'manja imaonetsa nakonso musakudalire, kumasinthasintha ndi mamita angapo munthu ataima pamodzimodzi.

Kamtedza36L:

Za NDVI palibe wayankha, ndiye ndiyankhe ine. Ndikukayikira kuti ndi offset. Kuyambira pa 25 January 2022, zithunzi za Sentinel-2 zimatuluka nambala iliyonse itawonjezeredwa 1000, ndipo zakale zimene zinakonzedwanso pambuyo pake zilinso chimodzimodzi. Tsegulani fayilo ya MTD_MSIL2A.xml imene ili mu foda ya chithunzicho, mufufuze mawu akuti BOA_ADD_OFFSET. Mukapeza -1000, ndiye kuti muyenera kuchotsa 1000 pa band iliyonse (fayilo ya mtundu umodzi wa kuwala) musanawerengetse.

Onani mmene zimasinthira. Tinene kuti pa dimba la chimanga B08 (band ya near infrared) ikuwerenga 4000, B04 (band ya kuwala kofiira) ikuwerenga 1500; NDVI ndi kusiyana kwa ziwirizi kugawa ndi kuphatikiza kwake. Mukapanda kuchotsa, 2500 kugawa ndi 5500 ndi 0.45. Mukachotsa, manambala enieni ndi 3000 ndi 500, ndipo 2500 kugawa ndi 3500 ndi 0.71. Pamwamba sipasintha, pansi ndi pamene pamachepa ndi 2000. Mu Raster Calculator lembani chonchi, mutaika mayina a ma layer anu:

("B08@1" - "B04@1") / ("B08@1" + "B04@1" - 2000)

Muonetsetse kuti mwatenga Level-2A, osati Level-1C, chifukwa 2A ndi imene inachotsedwa kale zosokoneza za mumlengalenga. Ma band ake mutenge mu foda ya R10m, mafayilo othera ndi B04_10m ndi B08_10m. Fayilo ya TCI ndi yongoonera, manambala ake anafinyidwa kukhala 0 mpaka 255, ndipo mulibe band ya near infrared. Ngati chithunzi munachitenga kwina osati ku Copernicus Data Space, werengani kaye zimene alemba, chifukwa ena amachotseratu offset, ndipo kuchotsa kawiri kudzakupatsani NDVI yopitirira 1.

August mwasankha bwino. Thengo lauma, minda ya kumtunda ndi mapesi okhaokha, ndiye madimba amaonekera patali. Kuyambira September mpaka October utsi wa moto wa m'tchire umachuluka ndipo umatsitsa NDVI ngakhale kulibe mtambo. Nthawi ya mvula vuto ndi mitambo: setilaiti imadutsa masiku asanu alionse, koma mwezi ukhoza kutha osapeza chithunzi choyera. Mu foda ya R20m muli layer ya SCL yokuthandizani pamenepa. Nambala 3 ndi mthunzi wa mtambo, 8 ndi 9 ndi mitambo, 10 ndi timitambo topyapyala, 4 ndi zomera, 5 ndi malo opanda zomera, 6 ndi madzi. Mthunzi ndi woopsa kuposa mtambo weniweni, poti mtambo mumauona ndi maso, pamene mthunzi umangooneka ngati munda wothiriridwa kumene.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kukula kwa madimba. Pixel ya Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, masikweya mita 100. Hekitala ndi ma pixel 100, ekala ndi 40. Dimba la mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali ndi ma pixel 10 okha, awiri m'lifupi, ndipo pafupifupi onsewo akukhudza malire: theka la pixel ndi tomato, theka lina ndi kanjira, mpanda wa udzu kapena nthochi za mnansi. Nambala imene mudzapeze pamenepo si ya mbewu ya mwini dimbalo yekha. Pa SRTM dimba lomwelo ndi pixel imodzi, ndiye slope ya dimba lililonse palokha ilibe tanthauzo.

Pochita Zonal Statistics, sankhani Count pamodzi ndi Mean ndi Median. Chida chimenechi chimawerengera pixel imene pakati pake pagwera m'kati mwa polygon, ndiye Count ikuuzani kuti avereji yachokera pa ma pixel angati. Kwa ine, munda wa Count yosakwana 10 sindingaulembe mu lipoti pawokha. Minda ikuluikulu ipangeni kaye Buffer ya -10 kuti ma pixel a m'malire atsale kunja, ndipo izi muchite pa layer ya 32736 kuti 10 akhale mamita. Dimba la mamita 20 m'lifupi lija lidzafafanizika lonse ndi buffer imeneyi, ndiye madimba ang'onoang'ono oyandikana aphatikizeni ndi Dissolve, muwerengetse ngati chigawo chimodzi.

Za bandulo: band imodzi ya mamita 10 ili ndi ma pixel 10,980 mbali iliyonse, ndipo chithunzi chathunthu cha 2A chimayandikira gigabyte imodzi. Mukatsitsa kamodzi, dulani ndi Clip Raster by Extent, musunge ngati GeoTIFF ya DEFLATE, ndipo muzigwira ntchito pa kachidutswako. Laputopu ya RAM yochepa imapuma.

Mpimamalo:

Zimene anena a Kamtedza za kukula kwa madimba zikukhudzanso GPS, ndipo pamenepa vector imanyenga kuposa raster. Raster mukaiyandikira mumaona timabokosi, n'kudziwa kuti apa ndiye pothera nzeru zake. Mzere wa vector umakhalabe wakuthwa ngakhale muyandikire chotani, ndipo tebulo limakupatsani 0.1456 ngati kuti wina anayeza ndi tepi. GPS ya m'manja kapena foni imalakwitsa ndi mamita 3 mpaka 5 kumwamba kukakhala koyera, ndipo pansi pa mitengo zimaposa apo. Tengani dimba lija la 20 ndi 50, masikweya mita 1,000. Woyeza akamayenda mamita 3 kunja kwa malire mbali zonse, poopa kuponda mbewu kapena kugwera mu ngalande, dimbalo likhala 26 ndi 56, masikweya mita 1,456. Ngati kalabu idzagawa feteleza kapena ndalama ya madzi potengera manambala amenewa, wina adzalipira zochuluka pafupifupi theka kuposa zoyenera. Madimba osakwana kota ya ekala ayezeni ndi tepi, GPS ingokuuzani pamene ali. Pa minda yokulirapo, imani pa ngodya iliyonse kwa mphindi imodzi kuti GPS itenge avereji, m'malo mongoyenda ndi track (mzere umene GPS imajambula munthu akamayenda).

Track ili ndi vuto linanso. Munthu akaima kapena akabwerera pang'ono, mzere umadzipingasa wokha, ndipo polygon yotere imapangitsa Clip, Intersection kapena Dissolve kukana ndi uthenga wa invalid geometry. Yendetsani Check Validity kuti muone pamene pali mfundo, kenaka Fix Geometries. Mukatha muyerekeze maekala akale ndi atsopano, chifukwa nthawi zina chidachi chimagawa munda umodzi kukhala tizidutswa. Minda yogundana malire ijambuleni Snapping ili yoyaka, pamodzi ndi Avoid Overlap, kuti malo amodzi asawerengedwe kawiri.

Wakudambo:

NDVI tsopano ikufika 0.7 m'madimba a chimanga, ndipo timizere ta hillshade tachoka. Zangalande ndamva, tipeza level. Chotsala n'chimodzi. Ndatumiza shapefile ya minda kwa mnzanga pa WhatsApp koma ikukana kutseguka, ndipo pa kompyuta ina mayina okhala ndi ŵ akuoneka zilembo zachilendo. Komanso ali ndi zitsime mu Excel zimene zikukagwera kunyanja yaikulu.

Nachisale_GIS:

Shapefile si fayilo imodzi, bambo. Kuti itseguke pamafunika .shp, .shx ndi .dbf zonse pamodzi, za dzina lofanana, mu foda imodzi. Ya .prj ndi imene imasunga CRS, ndipo ikasowa QGIS imaika chizindikiro cha funso pambali pa layer, n'kusiya munthu angoganizira, ndiye mamita 300 aja abwereranso. Ya .cpg imanena encoding, ndipo ikasowa ŵ amasanduka zilembo mwaonazo. Pa kompyuta imeneyo atsegule Layer Properties, pa Source, asinthe Data source encoding ikhale UTF-8. Shapefile imadulanso dzina la field pa zilembo 10, kotero mwini_munda imakhala mwini_mund, ndipo ma field awiri oyamba mofanana amasokonekera.

Njira yabwino n'kusiya shapefile. Dinani kumanja pa layer, Export, Save Features As, musankhe GeoPackage, CRS 32736. Imatuluka fayilo imodzi ya .gpkg yokhala ndi CRS m'kati, zilembo zake ndi UTF-8 nthawi zonse, ndipo mungaikemo minda, zitsime ndi njira ya ngalande pamodzi. Mutseke QGIS musanaitumize. Mukaona mafayilo othera ndi -wal ndi -shm pambali pake, ndiye kuti ikadali yotsegula ndipo zosintha zomaliza mwina sizinalowe. Ngati ofesi ina ikufunabe shapefile, ikani mafayilo onse mu zip. Muganizirenso zimene zili m'tebulo musanatumize pa gulu: mayina ndi manambala a foni a alimi achotseni, musiye nambala ya munda yokha.

Zitsimezo zasemphanitsidwa X ndi Y. Timazolowera kunena latitude poyamba, koma mu Add Delimited Text Layer, X field ndi longitude, 34 ija, ndipo Y field ndi latitude, -14 ija. Mukazitembenuza, madontho amakagwera mu nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Akakagwera ku Sudan, ndiye kuti chizindikiro cha minus chasowa pa latitude. Ngati manambala ndi a UTM ndipo akukaonekera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mwasankha 32636, ya 36N, m'malo mwa 32736. Mu Excel aonenso kuti madesimo sanadulidwe asanasunge ngati CSV, chifukwa CSV imasunga zimene zikuoneka m'bokosi. Madesimo asanu amaloza malo mpaka pa mita imodzi, atatu pa mamita 110, awiri okha pa kilomita yathunthu. Ngati ena analemba madigiri, mphindi ndi masekondi, monga 14 22 30, mizere imeneyo isinthidwe kaye: 22 kugawa ndi 60, 30 kugawa ndi 3600, kuphatikiza ndi 14, zikhala -14.375. Akangolemba -14.2230, chitsimecho chidzasunthira kumpoto makilomita pafupifupi 17.